Njira ya Miyala Kuseri kwa Tchalitchi

Amuna anga atamwalira pa ngozi ya minibasi, mutu wanga unayamba kundichita zinthu zomwe sindinkafuna kuuza munthu. Tsiku lina ndinatsikira kumsika kukagula tomato. Pobwerera ndinangoima pamsewu wopita kudoko, osadziwa kuti kunyumba ndi kuti. Nkhata Bay ndi tawuni yaing'ono, ndipo ndakhalamo zaka zambiri chichokereni kwathu ku Ntcheu, koma tsikulo anachita kundiperekeza mayi wina wogulitsa usipa.

Nkhaniyo inawapeza alamu anga, alongo awo a malemuwo, ku Mzuzu. Sanachedwe kubwera. Ine anandilowola, choncho ana anga awiri ndi akuchimuna.

"Mlamu, ngati mutu sukuyenda bwino, anawa ndiwatenge," anatero. "Lero mwasochera ndi tomato, mawa mudzasochera ndi mwana."

Ananena akuseka. Ine sindinaseke.

Kuseri kwa tchalitchi chathu ansembe anayalitsa miyala yopaka laimu, mozungulirazungulira ngati chingwe chokulunga. Amati ndi njira yopempherera. Umalowa pakhomo, kuyenda mwakachetechete pakati pa miyalayo mpaka pakatikati, kupemphera, n'kubwerera momwemo. Ena ankanong'ona kuti ndi zamatsenga za azungu. Zimenezo sindinkaziopa. Ndinkaopa kusochera anthu akuona.

Sabata yomweyo amayi a m'gulu lathu la kutchalitchi anati amasiye tonse tiyendemo. Kukana sindikanatha, chifukwa alamu anali atamva kale. Ananditsatira n'kukakhala pabenchi pansi pa mtengo wa mango, pomwe ankaona zonse.

Ndinavula masilipasi n'kulowa. Mchenga unkatentha. Njirayo inandifikitsa msanga pafupi ndi pakati, ndinati basi ndafika, koma inakhota n'kundiponyera kumphepete. Ndinaganiza kuti ndalakwitsa penapake. Kenaka mayi wina wobwerera anakumana nane, ndipo ndinatembenukira chammbali kuti adutse. Atadutsa, sindinkadziwanso komwe ndimapita. Kumanja miyala yoyera, kumanzere miyala yoyera. M'makutu munkalira ngati tsiku la kumsika lija.

Pamzere woyandikana panadutsa mayi wachitonga amene amatitsogolera nyimbo, munthu wa mawu aakulu ngakhale akunong'ona.

"Ama, mwamera mizu pamenepo?"

"Ndaiwala komwe ndimapita," ndinayankha chapansipansi.

"Ndinu nokha kodi? Ine tsiku loyamba ndinangotulukira pakhomo, pakati osapaona. Dumphani mwalawu, gwirani chitenje changa."

Ndinkafuna kugwira. Dzanja linali litanyamuka kale. Koma alamu anali atasiya kudzikupiza ndi mpango wawo, akundiyang'ana. Mayi wogwira chitenje cha mnzake ngati kamwana angamusiyire ana ndani? Ndinabweza dzanja, ndinasankha mbali imodzi n'kuyenda.

Ndinatulukira pakhomo pomwe ndinalowera, masilipasi anga ali pomwepo.

"Mwamaliza kale?" alamu anafunsa ali pabenchi. "Pakatipo pali chiyani?"

Sindinkadziwa ngati aona zonse kapena ayi.

"Sindinafike, alamu. Ndinatembenuka pakati pa njira. Ndikubwereramo."

Ndinalowanso. Ulendo uno sindinayang'ane benchi kapena pakati, ndinkangoyang'ana zala za kumapazi. Wina akamabwera ndinkaima chilili, chala chachikulu chitaloza kutsogolo, iye n'kudzipanikiza yekha kuti adutse. Njira inandiponyeranso kumphepete, ndinapitabe. Pemphero silinabwere. Ndinkangotchula mayina a ana anga, wamkulu kenaka wamng'ono.

Pakati panali mwala wafulati ndi nyerere zikukoka chiwala chakufa. Ndinagwada, ndinalira pang'ono, osati kwambiri, kuopa kuti angati zayambanso. Kenaka ndinatuluka momwe ndinalowera.

Pobwerera kunyumba alamu ankayenda pambuyo panga. Pamphambano iliyonse ankachedwa dala kuti ndiyambe ine kukhota. Ndinadziwa chomwe akuchita, iwonso anadziwa kuti ndadziwa.

Loweruka anakwera minibasi ya ku Mzuzu okha. Ali pawindo anati, "Sukulu ikatsekera ndibweranso, ndidzaone."

Ana ndili nawo. Mutu wanga sunandichitenso zija, koma sindinganene kuti ndachira. Sukulu itsekera mwezi wamawa.