Maluwa a M'chitini Anapita ku Maliro a Eni

Linali Lachisanu loyamba la Novembala mu 1996, nthawi ili teni koloko m'mawa, pamene amayi atatu anaima pakhonde panga ku Bangwe atanyamula lichero. Ine ndinkachapa matewera a mwana. Nditangoona lichero lija ndinadziwa chimene adzera.

Pakhonde paja panali chitini cha mafuta ophikira, choboola kunsi ndi msomali, ndipo m'menemo munali kamtengo ka maluwa. Amene anabwera nako anali bambo a mwana wanga, nthawi imene ankasamalira maluwa kwa mzungu wina ku Namiwawa. Kanabwera kali kanthambi chabe, kokulunga m'pepala lonyowa. Iwo ankati dzina lake ndi gadeniya. Ine dzinalo linkandivuta, ndinkangoti maluwa a bambo.

"Akadzamasula mudzamva nokha," ankatero. "Ngakhale fungo la ngalandeli lidzachita manyazi."

Anandiphunzitsa kuthira masamba a tiyi otsala m'ketulo, ndi kuti madzi a sopo asakhudze dothi lake. Mipopi ikauma, ndinkakatungira kapu imodzi m'ndowa ya madzi akumwa. Anzanga a mumdadada ankandiseka. "Anzanu akudzala mpiru, inu mukulera tchire!" Ndinkangomwetulira, poti kuyankha anthu sindinazolowere. Zaka ziwiri kamtengoko kanangobala masamba okhaokha.

Kenaka mzungu uja anabwerera kwawo, ntchito n'kutha. Posakhalitsa bambo anayamba kutsokomola ndi kuonda. Itakwana Seputembala, mayi awo ndi amalume awo anabwera kudzawatenga kuti akawadwazire kumudzi ku Mulanje. Ine ndinatsala kuti ndizisunga nyumba ndi kugulitsa mandasi. Tsiku lonyamuka, atawagwirira uku ndi uku, anaima pa chitini paja. Anatembenuza tsamba n'kundionetsa timitu tobiriwira ngati njere za mpunga.

"Amake mwana, akamasula mudzandibweretsere," anatero. "Koma osawagwira ndi zala. Amada."

Maluwawo anamasula sabata imene amayi atatu aja anabwera, oyera mbee, onenepa. Fungo lake linkalowa mpaka kuchipinda, ndipo anthu opita kumpopi ankaima n'kumayang'ana uku ndi uku. Uthenga unali utafika kale wochokera kumudzi, woti bambo akufunsa za ine ndiponso phala layamba kuwavuta kumeza. Ndinakonza zoti Loweruka m'mawa ndidule maluwawo, ndiwaike m'mbale ya chivindikiro ndi kansalu konyowa, ndikakwere basi.

Koma Lachinayi kunagwa maliro kumunsi kwathu. Anamwalira bambo wina wachinyamata amene ankakonza njinga pamsewu. Zaka zimenezo maliro anali osatha, mipanda ya maluwa inkakhala yometedwa ngati mutu wa mwana wasukulu. Amayi ankayenda khomo ndi khomo kuthyola maluwa opangira nkhata, ndipo sankapempha kwenikweni. Odi yekha ankakwanira.

"Odi, amake mwana! Tatsata fungo," anatero wamkulu mwa atatu aja, mayi wogulitsa makala, atamanga nsalu ya chipani m'chiuno. "Eee, taonani achemwali! Ife kutopa ndi kuuwidwa ndi agalu m'mipanda ya eni, zakumayadi zili pompano!"

Ndinadzuka n'kupukuta manja pachitenje. "Amenewa..." ndinayamba choncho.

"Mwati bwanji?"

"Ndimati... ndi ochepa."

"Ochepa omwewo. Tiika pa nkhata ya mayi ake, pamwamba penipeni."

Mnzawo wina anaseka pang'ono. "Moyo wake wonse wanunkha girizi, mwana wa eni. Lero anunkhireko ngati bwana."

Ndikanati ndi a bambo a kunyumba kwanga, akanafunsa kuti akupeza bwanji. Kenaka akanandiyang'ana ine ndi mwana wanga kuyambira kumutu mpaka kumapazi kuti aone ngati nafenso tayamba kuonda, monga ankachitira kale kumpopi. Komanso munthu ungakanize bwanji maliro, iwe wobwera, wokhala m'nyumba ya lendi? Ndinangowerama.

Mayi a makala aja anathyola ndi zikhadabo, limodzi limodzi, mpaka onse anatha. Pochoka anandigwira paphewa.

"Musadandaule, amake mwana. Maliro n'kulirana. Tsiku lanu likadzafika, ifenso tidzakuthyolerani."

Ananena mokoma mtima, sankadziwa chimene akundilasa nacho. Atapita ndinakhala pansi pafupi ndi beseni, ndipo matewera aja ndinawaiwala m'madzi.

Masana ndinabereka mwana n'kupita kumaliro, ndinakhala kumbuyo kwa anzanga. Kumanda ndinaiona nkhata ija. Maluwa anga anali atayamba kale kuda m'mbali, paliponse pamene zala zinakhudza, monga bambo ananenera. Mayi wa malemu anaiika pamtumbira. Podzuka ananunkhiza manja ake, kenaka anaphimba nawo nkhope nthawi yaitali, mpaka anzake anachita kumuchotsapo. Ndinafuna kukwiya, koma ndinasowa womukwiyira. Ndinalira kwambiri tsiku limenelo, ndipo anthu ena ankafunsana ngati malemuwo anali mbale wanga.

Pobwera, dzuwa litapendeka, ndinakathira madzi kamtengo kaja poti manja anazolowera. Nditatembenuza masamba akunsi ndinapeza timitu tiwiri timene amayi aja sanatione, tobiriwira, tolimba. Ndikanatidula sitikanamasula. Kudikira kuti timasule pakhonde pompo, mwina sabata, mwina kupitirira, sindinkadziwa ngati bambo akanadikira nawo.

M'mawa mwake ndinatseka chitseko, ndinabereka mwana, n'kupinda nsalu pamutu. Ndinasenza chitini chonsecho ndi dothi lake lonyowa, ndipo madzi akuda ankandidonthera m'khosi njira yonse yopita ku siteji. Ku Limbe kondakitala wa basi ya ku Mulanje anakuwa, "Amayi, nkhalangoyo mukupita nayo kuti?" Anthu anaseka. Ine ndinangokwera. Ndinakhala pampando wa pakati pomwe sipadumpha kwambiri, mwana ndinamukokera kumbali, chitini ndinachiika pamiyendo. Basi itanyamuka ndinatchinga timitu tija ndi dzanja kuti mphepo ya pazenera isatiwombe, osatikhudza.