Kalata ya mayi Roza m'katoni ya sopo

Zimene ndilembe lero sindinauzepo munthu, ngakhale mkazi wanga amene ndinakhala naye mpaka kumuika m'manda. Koma ndiyambe ndi za Lachiwiri.

Tsikulo ndinapita kusitolo kwa a Twaibu pa Magaleta kukagula singano. A Twaibu ali ndi bokosi ku positi, ndipo ambirife timabwereka keyala yawo. Makalata akafika amawaponya m'katoni ya sopo pansi pa shelefu. Pofufuza ngati munali yanga, ndinaona envelopu ya khaki ya chidindo cha boma, dzina pamwamba: mayi Roza Nyirenda.

Amuna awo, a Nyirenda, ndi mlangizi wa zaumoyo, kwawo ndi kumpoto. Anakwatira Roza, mmodzi mwa anthu amene anathawira kuno nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki. Nkhondo itatha abale ake anabwerera, iye anatsala ndi mwamuna wake ndi ana awiri, koma alibe pepala lomulola kukhala m'dziko muno. Chaka chatha anadzaza mafomu opempha chilolezo, ndipo ndine ndinawauza kuti alembe keyala ya a Twaibu. Kuchokera apo a Nyirenda asamutsidwa kawiri, koyamba ku Midzemba, tsopano ku Matope.

"Yafika liti iyi?" ndinafunsa a Twaibu.

"Masabata atatu apitawo. Kapena anayi."

"Ndiye mwangoisunga?"

"Mumafuna ndiikazinge? Mwini wake akabwera adzatenga."

"Kodi akudziwa kuti yafika?"

"Ine ndine wasitolo, achimwene, si mesenjala."

"Ndipatseni ndikapereke."

A Twaibu anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Kalata ya boma? Iyayi. Ina ndinapatsa mkulu wa imvi ngati inuyo, inakathera kupichirira fodya. Mtima wanu ndauona ine?"

Ankanena zoseka, nanenso ndinaseka. Koma ndinatuluka osagula singano.

Sanadziwe kuti ananena zoona.

Kale, dziko lino lisanadzilamulire, mlamu wanga Dikisoni anapita kumigodi ku Rodeshiya, nasiya mlongo wanga Esinati ali ndi khanda. Esinati sankakhala malo amodzi. Dzinja ankalima kwa apongozi ake, akakolola ankabwera kudzadwazika amayi athu, nthawi zina ankatsikira ku Matope kwa azakhali kukathandiza kuyanika nsomba. Dikisoni, posadziwa kumene kalata ingamupeze, analemba keyala ya sukulu ya mishoni kumene ine ndinkaphikira aphunzitsi. Anasankha munthu wosasuntha. Anasankha ine.

Kalata inafika. Aphunzitsi aakulu anaitsegula chifukwa ine sindinkadziwa kuwerenga, nati, "Thamanga nayo kwa mlongo wako, muli mapepala a ulendo."

Sindinathamange.

Ndinadziuza kuti ndine mwini mbumba, mbumba yanga isabalalike. Mawu okoma kumva, eti? Zoona zake n'zakuti Esinati akanapita, mtolo wa amayi ukanagwera ine. Kalatayo ndinaibisa pansi pa sutikesi. Ndinati ndipereka tikakolola. Titakolola ndinati amayi ayambe apeza bwino. Pambuyo pake ndinayamba kuopa funso lakuti, bwanji lero?

Esinati ankabwera kukhitchini kwa aphunzitsi, mwana kumsana. "Achimwene, palibe?" Ine, maso pamphika, "Palibe." Patapita zaka tinamva kuti Dikisoni anakwatira mkazi wa konko. Mlongo wanga anamwalira akukhulupirira kuti anatayidwa ngati sanza.

Kuwerenga ndinakuphunzira mutu utayamba kuyera, ku sukulu ya kwacha, ndi amayi oyamwitsa. Anzanga ankafuna kuwerenga Baibulo. Ine ndinkafuna kalata ija. Inanditengera masana onse, chala chikuyenda pansi pa liwu lililonse. Dikisoni analemba kuti wapatsidwa nyumba ya anthu apabanja, koma mkazi akapanda kufika mvula isanagwe aipereka kwa wina. Kumapeto anati, "Ndagula mbale ziwiri ndi bulangete."

Mbale ziwiri.

Tsono tiyeni tikambe za ife tonse, chifukwa nkhaniyi si yanga ndekha. Fomu ya boma ili ndi mzere umodzi wa keyala, ngati kuti munthu ndi mlambe. Koma ndani kuno amakhala phee? Mphunzitsi amasamutsidwa, namwino amasamutsidwa, mlimi amatsata dimba. Chibwerereni matipate abale athu amene anathawira kunja akubwera ndi akazi a ku Zambiya ndi ku Tanzaniya, ndipo onsewo ali ndi mafomu. Lero agona kwa amalume, mwezi wa mawa kwa mnzawo, kenako apeza nyumba ya lendi. Yankho la ofesi likatuluka limapita kumene munthu anali, osati kumene ali.

Ndiye timabwereka bokosi la sukulu, la tchalitchi, la sitolo, n'kumaganiza kuti tathana nazo. Timaiwala kuti bokosi lilibe miyendo. Pakati pa bokosi ndi mwini kalata pamakhala munthu, ndipo munthuyo ali ndi zotanganidwa zake, ulesi wake, mwinanso zofuna zake.

A Twaibu sindikuwada. Kalata aisunga bwino, mbewa sizinaidye. Koma kusunga n'kosiyana ndi kufikitsa. Makalata a chidindo nthawi zambiri amakhala ndi tsiku mkati: bwerani pofika tsiku lakutilakuti, mukapanda kutero tiyesa kuti simukufunanso. Ndani akuwerenga masiku a mayi Roza? Akapitirira, mayi wa ana awiri angathe kuuzidwa kuti awoloke malire, mwamuna wake n'kutsala akudabwa kuti boma silinayankhe bwanji.

Inu amene mukudzaza mafomu a akazi anu kapena amuna anu, musangofunsa kuti ndani ali ndi bokosi. Funsani kuti ndani adzasiya khasu lake n'kukusakani. Mukasamuka, lemberani ofesiyo, koma muuzenso wosunga bokosiyo pamaso, ndipo muuze munthu wachiwiri woti azikasuzumira m'katoni. Mudzifunsenso funso limene Dikisoni sanadzifunse: kodi munthu uyu apindula chiyani kalata yanga ikapanda kufika? Mbale weniweni ndiye amene muyenera kumufunsira funso limeneli.

Nanga ife osunga makalata a anzathu? Ndi angati amene muli ndi envelopu ya munthu pansi pa mphasa, mukuti mupereka Loweruka?

Lachitatu m'mawa ndinapopa njinga, ndinamanga botolo la madzi pa kaliyala. Ndinadutsa pa sitolo a Twaibu akutsegula zitseko.

"Mwabwereranso kalata ija? Ndati iyayi."

"Isungeni pompo," ndinatero. "Musapatse munthu, ngakhale ine nditalira. Ndikupita kukaitana mwini wake."

"Ku Matope? Ndi mawondo amenewo?"

Ndinakwera njinga n'kulowera njira yotsikira ku Shire.