Masiku Anayi a Ireen

Ireen Namakhwa, mnzanga woyandikana naye khomo kunyumba za kampani, wathyola tiyi zaka makumi awiri. Zaka zisanu zapitazi thupi lake lamuukira. Mafupa amaphwanya osalekeza, ndipo akangomva fungo la mankhwala opopera m'munda, khungu limachita zidzolo, milomo n'kutupa. Kuchipatala anati thupi lake limadzidzimuka ndi chilichonse, ngakhale thukuta lake lomwe. Akapitawo anamuchotsa kumunda n'kumupatsa ntchito yosesa paofesi.

Chaka chatha dokotala wina anamuyesa ketamini, mankhwala aja amagonetsera anthu pa opaleshoni, koma pang'ono chabe, kudzera m'diripi. Ululu unaleka masiku anayi. Ireen anachita zimene mkazi aliyense wa kuno akanachita. Anachapa mabulangete onse, nasenza chidebe cha madzi kuchokera pampopi akuimba nyimbo ya Chilomwe.

Akapitawo anamuona. "Kodi mayi, si inu mumati simungathe kuwerama? Mawa mutenge dengu."

Mpaka lero mawu amenewo amandiwawa. Zaka zonsezo akubuula sanamuone, koma chidebe chimodzi anachiona.

Tsiku lachisanu ululu unamupeza ali pakati pa mizere ya tiyi. Atabwerera kuchipatala, anamwino anati mabotolo otsalawo ndi a amayi obereka mwa opaleshoni. Ireen sanatsutse, poti nayenso anabereka choncho.

Masiku ano amathyola atakukuta mano, zala zitatupa. Dzulo anandiuza kuti, "Amake Chester, ndikadzapezanso mankhwala aja, ndidzachirira m'nyumba, chitseko chili chotseka."