Dothi la Kwawo kwa Amayi

Ndikukumbukira chulu chachikulu chomwe chinali pakati pa dambo, kumunsi kwa mudzi wathu cha ku Nambuma. Dzinja likafika madzi ankachizungulira mbali zonse, ndipo anafe tinkachitcha chilumba, ngakhale panalibe mmodzi yemwe mwa ife amene anachionapo chilumba chenicheni. Munali m'zaka za m'ma 1950, amuna onse atapenga ndi fodya. Mitengo inali itatha ndi kufukiza fodya m'zigafa, moti pozungulira mudzi panangotsala zitsa.

Amayi anga, aNaphiri, sanali a m'mudzimo. Abambo anachita kukawatenga chitengwa cha ku Mpingu, ndipo abale a abambo sankalola kuti zimenezi ziiwalike. Mkazi wina akapita kwawo amabwerako ndi nyemba kapena nkhuku. Amayi ankabwerako atasenza timitengo ta kutchire m'phale: mpoza, mthudza, mpinjipinji ndi mpungabwi wothamangitsira udzudzu uja. Ankakadzala pachulu paja, n'kutchingira ndi minga kuopa mbuzi.

Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti. Ankafunsana kuti kodi tchire amadzalanso? Kwathu munthu ankadzala mango kapena nthochi, koma za kutchire mwini wake ndi Chauta, zimamera zokha. Timitengo toyambato titauma, anaseka koposa.

Amayi sanagwe mphwayi. Anati mtengo wa kutchire uli ngati khanda, sufuna kulekana ndi fungo la kwawo. Ulendo wotsatira anabwera ndi dothi lomanga pansalu, lakuda bii, lonunkhira masamba owola ndi bowa. Analisunga mumphika kuseri kwa nkhokwe, ndipo podzala ankathira dzanja limodzi m'dzenje lililonse. Apo timitengo tija tinagwira.

Ine chulu chija ndinkachikonda kuposa pakhomo. Chilimwe tinkatunga madzi pachitsime cha m'dambo n'kumathirira awiriwiri, ndipo kumeneko kokha ndi kumene amayi ankayimba. Chaka chimene mpinjipinji unabereka koyamba, anandithyolera chipatso chimodzi chofiira psuu. Ndinachiluma ndi dyera lonse. Kuwawasa kwake kunandikwinyitsa nkhope, misozi n'kulengeza, ndipo amayi anaseka mpaka anakhala pansi. Kenaka ananditola njere pakamwa n'kuimanga pamsonga pa nsalu yawo kuti akafese.

Dzinja lomwelo azakhali anga, aNabanda, mlongo wawo wa abambo, anataya mwana wakhanda, ndipo kanali kachiwiri. Chisoni chawo chinali chenicheni, sindingachipeputse. Koma tsiku lina akufunafuna pamene nkhuku yawo inkaikira, anaupeza mphika uja kuseri kwa nkhokwe yathu. Dzuwa lisanapendeke mudzi wonse unali utamva kuti aNaphiri amasunga dothi la kumanda, ndipo kuti zimene amadzala pachulu si mitengo wamba.

Tinaitanidwa pakhonde la malume awo a abambo. Mphika anauika pakati, anthu n'kukhala patali nawo ngati muli njoka.

"Ndi dothi la patsinde pa msuku, kuseri kwa nyumba ya mayi anga," anatero amayi. "Linunkhizeni nokha, alamu."

"Ndinunkhize ine?" anayankha azakhali. "Kodi kuno kulibe dothi? Munthu wabwinobwino angasenze dothi kuchokera ku Mpingu, eti? Nanga munkalibisiranji?"

Amayi anatembenukira kwa abambo. Abambo ankalidziwa dothilo, tsiku lina anachita kuwalandira okha panjira. Koma anangoti zyoli, kuyang'ana zala za kumapazi. Ndinawada tsiku limenelo, ndipo mpaka lero sindinawapezere chowiringula.

Akuluakulu anagamula kuti amayi azule zonse za pachulu, apo ayi abwerere kwawo. Amayi anasankha banja. M'mawa mwake anatenga khasu, ine ndili pambuyo, n'kuoloka madzi ofika m'mawondo. Sanalole wina kuwathandiza. Mpungabwi unazuka msanga, fungo lake n'kudzaza dambo lonse. Mpoza ndiwo unavuta, mizu yake inali itapita pansi kwambiri, ndipo amayi ankaudula akupuma mwabefu, osalira. Zonse anaziunjika pamodzi, ndipo zitafota amuna anadzazitentha. Dothi lija analitaya m'madzi.

Tinkayesa kuti nkhani yathera pomwepo, koma mbiri yoipa siizuka ndi khasu. Pamtondo akazi ankachoka amayi akafika. Kuchitsime ankasuntha mitsuko yawo. Anzanga analetsedwa kudya chilichonse cha m'manja mwanga. Titakolola, abambo anauza amayi kuti akayambe apuma kwawo mpaka mitima ya anthu itazizira, adzatitenga okha. Sanabwere.

Panjira yopita ku Mpingu amayi ankandilimbitsa mtima. Ankati kwawo tchire lili kuseri kwa nyumba, tikadya mapoza ndi nthudza mpaka mano kuyayamira. Panali patapita zaka ziwiri asanapondeko. Titafika tinapeza achimwene awo atalambula tchire lonse, pali mizere ya fodya ndi chigafa chatsopano. Msuku uja unali chitsa. Amayi anaima nthawi yaitali, katundu ali pamutu, mpaka agogo anachita kudzawatula.

Kuyambira pamenepo sanadzalenso china koposa chimanga ndi mtedza. Kuyimba kunatha. Wina akawapatsa chipatso cha kutchire ankadya, koma njere ankaponya pamoto. Tsiku lina ndinabisa njere ya nthudza m'manja. Anandifumbatula chala chimodzichimodzi, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Usadziputire, mwana wanga."

Lero zinthu zinatembenuka. Kumene tinkatola nkhuni kuli mbee, ndipo ana ambiri sadziwa kuti mpinjipinji n'chiyani. Alangizi amayenda m'midzi kugawa mbande za mitengo yachilengedwe m'timachubu, n'kumaphunzitsa kuti podzala muzithirako dothi la patsinde pa mtengo waukulu wa kutchire. Anthu amaomba m'manja. Amayi anamwalira kalekale asanazimve, dzina lawo likadali loipa ku Nambuma.

Chaka chatha mdzukulu wanga anabwera ndi kambande ka mpoza kuchokera kusukulu. Anati, "Agogo, tidzale pabwalo apa kuti aliyense aziuona." Ndinakalandira, ndinanunkhiza dothi lake, mtima n'kuwawa. Ndine nkhalamba ya imvi, palibe angandithamangitse pamudzi pano. Komabe ndinakadzala kuseri kwa bafa, ndipo ndisanakumbe ndinayamba ndayang'ana uku ndi uku ngati pali wondiona.