A Laban Anadikira Mvula Yachiwiri

A Laban Chikopa amanyamula katundu pasitolo ya a Saqib ku Limbe, koma mukawafunsa ntchito yawo amati ndi mlimi. Ali ndi kamunda m'munsi mwa phiri la Soche, kumtunda kwa Chilobwe. Kale kamundako kankawadyetsa mpaka kukolola kwina, n'kutsalanso mondokwa woti akazi awo, a Ida, aziotcha pamsewu.

Chaka cha namondwe Freddy, napolo anatsika m'phirimo n'kukokolola munda ndi khoma la nyumba. A Ida anathawa ndi ana komanso chigubu cha mbewu ya chimanga chamakolo, imene a Laban anasiyiridwa ndi bambo awo. Chaka chotsatira kunachita ng'amba, mbewu inabwerera theka la chigubu. Ngakhale njala inaluma, palibe anaikhudza.

Kenaka mvula inagwa yamphamvu kumapeto kwa Okutobala. Anansi anatuluka ndi makasu.

"Bambo a Dan, tiyeni tikadzale," anatero a Ida. "Anzathu onse ali kumunda."

"Imeneyi ndi chizimalupsa, mayi. Ntchito yake n'kuzimitsa moto wa m'tchire basi. Bambo ankati wodzala ndi mvula yoyamba amadyetsa mbewa."

"Bambowo anaona napolo m'Chilobwe muno? Mvula ya masiku ano sidziwa munthu."

"Ndiye mwasanduka a zanyengo inu? Tidikira yachiwiri."

Anadikira. Kunkangogwa timawawa, koma chimanga cha anansi chinagwira, n'kufika m'mawondo. Mvula yachiwiri inabwera Khirisimasi itayandikira. A Laban anapempha tchuthi kwa a Saqib, nadzala mbewu yonse, osasiyako ndi dzanja limodzi lomwe.

Chimanga chinamera bwino. Chitangoyamba kumasula, mu Febuluwale, mvula inadula. Cha anansi chinali chitakhwima kale. Cha a Laban chinapinda masamba, chinachita mbuu, n'kuuma chili chiimire. Tsiku lililonse akaweruka ankakwera kumunda, akusenda chisononkho ichi ndi icho, osapezamo njere.

Lero a Ida amagula mondokwa kwa anansi omwewo, phindu lake la mchere wokha. A Laban amasenza matumba a mbewu ya m'mapaketi, yoyenera kugula chaka ndi chaka, kukweza m'magalimoto a anthu ena. Chigubu chija mwana wawo Dan amatungira madzi.

Okutobala wathayu mvula inagwanso yamphamvu. A Laban anaima pakhonde, akuyang'ana kuphiri.

"Nanga iyi ndi iti?" anafunsa a Ida.

A Laban anabwerera m'nyumba. Analibe choti akadzale.