Galimoto ya Waya Yopanda Kumbuyo

Fungo la girisi wosakanikirana ndi fumbi limandibwezera ku Namwera, kuseri kwa msika, pomwe Che Amidu ankakonzera njinga zakapalasa ndi zamoto pansi pa chisakasa cha malata akale. Inali holide yaikulu nditamaliza Sitandade 5. Mphepo inkawomba tsiku lonse, kuulutsa makoko a chimanga ndi phulusa la tchire lotenthedwa, ndipo tonse milomo inali yong'aluka. Abambo anali mphunzitsi. Anawatumiza kumeneko kuchokera kwathu ku Ntcheu, ndipo tinkakhala m'nyumba za aphunzitsi kumbuyo kwa bwalo la mpira.

Ana onse a pamalopo ankapanga magalimoto a waya. Ambiri ankapanga malole ngati aja odzatenga fodya kumaesiteti, ena mabasi. Ine lole ndinkaimaliza masiku awiri, ndipo zinali zitayamba kunditopetsa. Tsiku lina ndikutola zidutswa za waya kwa Che Amidu, ndinaona tsamba la magazini yakunja lomwe mzungu wa ku esiteti anakutira chitsulo cha njinga yake. Patsambapo panali galimoto yomwe sindinaionepo. Inali yaitali ndi yowonda ngati bwato, matayala akutsogolo ang'onoang'ono ngati a njinga, akumbuyo onenepa ngati migolo. Injini inali pamtetete, mapaipi anayi atatulukira m'mbali mwake, akuloza kumwamba.

Koma kumbuyo kwa galimotoyo kunaima munthu, ndipo munthuyo wina anamupaka inki yakuda bii kuyambira m'khosi mpaka kumapazi. Inkiyo inameza theka la tayala lalikulu ndi zonse za kuseri kwake. Pokhala woyendetsa sipankaoneka.

"Wapaka ndani?" ndinafunsa.

"Akuluakulu a m'tauni," anatero Che Amidu osakweza mutu. "Mkaziyo sanavale mokwanira. Tenga, mwana wa aphunzitsi, koma usamayende nalo poyera."

Ndinalipinda kanayi n'kulibisa m'buku langa la masamu. Kuyambira tsiku limenelo ndinkakhala kuseri kwa khola la nkhuku, dzuwa likundiwotcha pamsana, tsamba nditalipanikiza ndi miyala kuti lisauluke. Pulayazi ndinalibe. Ndinkapinda waya ndi mwala ndi mano, ndipo mpaka lero dzino langa lakutsogolo ndi lobenthuka. Matayala akumbuyo ndinatenga zitini za mkaka n'kuzikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga. Akutsogolo ndinadula pa patapata wakale wa amayi. Injini ndinasema pa chitsononkho, mapaipi ndinapinda masipoko, mbali zake ndinasula chitini cha mafuta ophikira mpaka chinaphwatalala, n'kulembapo nambala ndi penti wofiira wotsala m'chitini cha Che Amidu.

Galimoto yoyamba inapindika pakati chifukwa cha kutalika, mimba n'kumakwekwesa pansi. Yachiwiri ndinaphatikiza mawaya atatu, koma inalemera kumbuyo n'kumadzutsa mphuno ngati mbuzi yokana chingwe. Yachitatu inayenda. Ndinaitulutsa pamsewu wa fumbi, koma nditangopotoza chiwongolero kuti ndikhote pa chitsime, matayala a patapata aja anapindikira m'kati, galimoto n'kugona chammbali.

Anzanga anaseka mpaka kukhala pansi. Mussa, yemwe lole yake inkanyamula zitsononkho khumi, anaiyang'ana mozungulira n'kufunsa kuti, "Nanga katundu akwera pati? Nanga dalaivala?" Kumbuyo kwa galimoto yangayo ndinali nditangosiya mawaya awiri ali tcholi, chifukwa sindinkafuna kupeka. Ndinkafuna ikhale ndendende ngati ya pachithunzi.

Che Amidu nditawadandaulira anati magalimoto amenewo sakhota, amangothamanga molunjika kamtunda kochepa ngati kuchoka pamsika kufika pamzikiti, mpikisano n'kuthera pomwepo. Za pokhala woyendetsa anati nawonso sakudziwa. Zimenezi zinangondiwonjezera ukali. Yankho linali patsamba langa lomwe, pansi pa inki, ndipo ine sindinkatha kuliona.

Ndinayesa kuliyang'anitsa kudzuwa, osaoneka kanthu. Ndinapaka madzi a mandimu, pepala linangokwinyika. Ndinadonthezera palafini, inki inasungunuka pang'ono n'kufalikira mpaka pa injini. Pomaliza, Loweruka lina masana, ndinatenga lezala ya abambo n'kuyamba kupala pang'onopang'ono, mpweya nditaugwira. Panayamba kuoneka kanthu kofiirira. Ndinaganiza kuti ndi mpando, koma linali bondo la mkazi uja. Ndinapalanso pambali pake, lezala n'kuboola pepala.

Mthunzi wa abambo unagwera patsambapo ndisanawamve akubwera. Anali bambo ofatsa, osakonda kumenya, ndipo magalimoto anga a waya ankawayamikira. Koma tsiku limenelo nkhope yawo inasintha. Anayang'ana kaye kunyumba zoyandikana nafe, kenako ananditsomphola tsambalo.

"Ndani wina waliona?" anafunsa motsitsa mawu.

"Palibe, ababa. Ndimangofuna kuona pokhala dalaivala."

Analowa m'khitchini, n'kuliika pa makala omwe amayi ankaphikira nyemba. Linayaka lawi lobiriwira chifukwa cha palafini uja. Anaima pomwepo mpaka lonse linasanduka phulusa, n'kulitakasa ndi kamtengo.

Ndinatha sabata yathunthu osawalankhula, kupatula moni wa m'mawa. Ndinayesa kujambula galimotoyo pamtima m'kope, koma tsiku lililonse inkatuluka mosiyana, mapaipi nthawi zina anayi, nthawi zina asanu. Sukulu itatsegulira ndinaiponya padenga la khola, ndipo mvula yoyamba itagwa inachita dzimbiri, mawaya awiri aja akadali tcholi.

Nthawi imeneyo ndinkakhulupirira kuti abambo anandiyesa mwana wopanda khalidwe, wofunafuna miyendo ya akazi, ndipo chimene chinkandiwawa n'chakuti sanandifunse bwinobwino. Patapita zaka zambiri, iwo atamwalira, amayi anandiuza za mphunzitsi yemwe ankakhala nyumba yachitatu kuchokera pa yathu. Ife ana anatiuza kuti anamusamutsira kwina. Zoona zake zinali zakuti apolisi anadzamutenga chaka chomwe ndinkapanga galimoto ija chifukwa cha buku lakunja lomwe wina analiona patebulo pake, ndipo anabwerako patatha zaka zinayi. Amayi anati madzulo a tsiku lomwe anatentha tsamba lija abambo sanadye. Ine ndinadya, nditakwiya, ndipo sindinaone kuti mbale yawo yabwerera kukhitchini yosakhudzidwa.