Mbalame Imene Ndinanama Kuti Ndaiona kwa Mposa

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha mluzu. Nkhondo inali itangotha, asilikali akubwerako, ndipo ine ndinali nditangokwatira kwa Nsamala, ndikukhala chikamwini. Pamudzi sindinkatchuka ndi khasu ayi, koma ndi kutsanzira kulira kwa mbalame. Ndinakula ndikutchera ulimbo, ndipo nkhwali ndinkatha kuiitana mpaka ifike pafupi ndi mapazi anga. Tsiku lina Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, aphunzitsi a katekisimu anandiitanira pambali n'kundiuza kuti pa siteshoni ya Balaka pafika mzungu ndi mkazi wake, akufuna munthu wodziwa mbalame. Ndinafunsa ngati akufuna zandiwo. Anati iyayi, akufuna zongoyang'ana. Sindinamvetse, komabe m'mawa mwake ndinapita.

Mzunguyo anali wamtali, wowonda, wogwira ntchito m'boma ku Zomba, ndipo anali pa tchuthi. Sanandifunse zambiri. Analoza kuthengo kuseri kwa njanji n'kufunsa m'Chinyanja chake chopindika kuti chikulira ndi chiyani. Ndinati ndi nkuta. Ndinapinda manja pakamwa n'kulira ngati iyo, nkutayo inayankha. Anangoti, "Tenga katundu wako." Amtengatenga anali atamutcha kale dzina lakuti Bwana Chete, chifukwa mawu amenewo ndiwo ankatuluka pakamwa pake tsiku lonse. Mkazi wake tinkangoti Dona. Iyeyo ankajambula mbalame ndi utoto wosungunula ndi madzi. Panalinso Che Saidi, bambo wachikulire wa ku Ntaja, Myao, amene anayenda ndi azungu osaka nyama kwa zaka zambiri. Iwowo ndiwo ankasenda mbalame, ndipo ndiwo anandiphunzitsa ntchito.

Tinkanyamuka m'bandakucha. Ine ndinkatsogola mapazi khumi, nditakoleka chikwama cha mabuku awiri, botolo la madzi ndi kamfuti ka zipolopolo zazing'ono ngati mapira. Ndikamva mbalame ndinkaima n'kukweza dzanja pang'ono. Kuloza ndi mkono kunali koletsedwa, chifukwa mbalame imathawa mkono. Ndinkaloza ndi mlomo n'kunong'ona kuti mtengo uti, nthambi iti, kudzanja liti. Bwana ankakweza magalasi ake oonera kutali, n'kuyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kulemba ndi pensulo m'kabuku kakuda: tsiku, malo, mtundu wa mtengo, ndi dzina la amene waiona. Tsiku limene ndinaona dzina langa, Lusiyano, litalembedwa m'kabukuko, ndinanyada ngati ndamanga nyumba ya njerwa.

Mbalame zambiri ankangoziyang'ana. Ankaombera zokhazo zimene zamukanika kuzizindikira ndi magalasi. Zimenezo zinkapita kwa Che Saidi dzuwa lisanaziwononge. Ankayamba ndi kuyeza phiko ndi rula. Kenako ankatseka kukamwa ndi thonje kuti magazi asadetse nthenga, n'kung'amba ndi kampeni kuchokera pachifuwa kutsika, n'kumalekanitsa chikopa ndi zala, akuwaza ufa wa mgaiwa kuti umwe mafuta. Ankadula miyendo m'mawondo, mapiko m'mapewa, n'kutembenuza chikopa ngati sokosi mpaka kumutu, kuchotsa maso ndi ubongo. M'kati ankapakamo sopo wa poizoni, ndipo ankandikalipira ndikagwira chakudya ndisanasambe m'manja kawiri. Akatero ankadzazamo thonje, kusoka, kumangirira kapepala kumwendo, n'kuigoneka chagada m'bokosi la malata kuti nyerere zisaipeze. Kambalame kamodzi kankawatengera nthawi yoti munthu n'kupalira mizere ingapo. Maso awo anali atayamba kufooka, koma sanawonongepo chikopa ngakhale chimodzi ine ndikuona.

Tinayamba mwezi wa Okutobala m'nkhalango za tsanya m'mbali mwa Shire. Mitengo inalibe masamba, nthaka inkaotcha ngati phale, nyenje zikulira mpaka mutu kuwawa, akashembe akutiluma kudutsa malaya. Koma zinthu tinaziona. Tinaona tizinkhwe ting'onoting'ono tobiriwira, ta nkhope zofiira, tikumwa madzi pathamanda. Tinaona kadzidzi wamkulu wofiirira amene amadya nsomba, atabisala m'mtengo wa m'mphepete mwa mtsinje, ndipo Dona anamujambula. Novembala atalowa kunabwera anamzeze ndi mbalame zina zimene bwana ankati zachokera kutsidya kwa nyanja zazikulu. Tinawoloka pa Liwonde n'kukamanga matenti m'njira ya ku Ntaja.

Koma panali mbalame imodzi imene inatulutsa bwana ku Zomba, ndipo imeneyo sinkapezeka. Ankaitchula kuti pita. Anandionetsa chithunzi chake m'buku: yaifupi mchira, msana wobiriwira, mutu wakuda wokhala ndi mzere wotuwa pamwamba pa diso, timadontho ta buluu pamapiko, kumimba kofiira ngati magazi. Ankati imafika ndi mvula zoyamba, n'kumakhala pansi m'zitsamba zowirira zimene munthu amalowamo chokwawa. Ine, amene ndinkadzitama kuti mbalame zonse ndimazidziwa, ndinali ndisanaionepo. Che Saidi anati anaimvapo kamodzi ali mnyamata. Tinakwawa m'zitsamba masabata atatu, mawondo atanyuka, osapeza ngakhale nthenga.

Ndili m'kutopa kumeneko, mlamu wanga anatipeza ndi uthenga. Kwa Nsamala mvula inali itagwa, anthu onse atabzala, koma munda wanga unali ndi mizere theka. Mkazi wanga Aginesi anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, sakanatha kumaliza yekha. Apongozi anatumiza funso lakuti kodi mkamwini wawo anakwatira mwana wawo kapena anakwatira mbalame. Amene anakhalapo chikamwini akudziwa kuti funso lotero likafika, katundu wako amakhala atayandikira pakhomo. Ndinapita kwa bwana kukapempha masiku anayi okha. Anapukusa mutu. "Pita ikapezeka, tonse tipita kwathu," anatero, n'kuseka yekha nthabwala yakeyo.

Mawa lake anandituma ndekha kwa Mposa, m'tsinde mwa phiri la Chikala, kumene asodzi ena anamuuza kuti kuli zitsamba zowirira. Ndinayenda theka la tsiku, kugona kwa anthu, kukwawa m'zitsambazo m'mawa wonse, osaona kanthu koma apumbwa ndi njoka imodzi. Pobwerera, mapazi atang'aluka, maganizo anandibwerera. Bwana ankalemba zimene ine ndaona ngakhale iye asanazione. Ndikangonena kuti ndaiona, alemba, mtima wake ukhala pansi, ndipo tonse tibalalika. Ndinafika pamsasa dzuwa likupendeka n'kunena kuti ndaiona.

Bwana anadzuka pampando ngati walumidwa. Anandifunsa za kumimba, za mutu, za mchira. Ndinayankha zonse bwinobwino, poti chithunzi ndinali nditachiloweza. Analemba, n'kundigwira chanza, chinthu chimene anali asanachitepo. Kenako anaitana amtengatenga n'kuwauza kuti mawa tikupasula matenti, tonse tikupita kwa Mposa.

Che Saidi anandipeza ndikutsuka mapazi kuseri kwa tenti. Anakhala pansi pang'onopang'ono n'kunena motsitsa mawu: "Lusiyano, mwanangu, iwe mbalame iliyonse ukaimva umabwera ukuilira njira yonse. Iyi bwanji wabwera duu? Imalira bwanji?" Ndinati sinalire. "Pita ukawauze katundu asanamangidwe. Lero ndi bodza laling'ono. Mawa likhala ndi miyendo ya anthu asanu ndi atatu." Ndinati ndaiona ndithu. Anadzuka n'kupita kukaswali.

Tsiku la ulendowo sindidzaliiwala. Mvula inali itagwa kumapiri, ndipo dambo limene ndinadutsa louma linali litasanduka phala la makande. Matope ankagwira mwendo mpaka m'bondo. Amtengatenga anayi, aliyense ndi katundu pamutu, ankazula mwendo umodzi wina n'kumira. Dzuwa litafika pamutu kunatentha kwa chinyezi, kopanda ndi kamphepo komwe. Pa khwawa lina lodzaza, wonyamula bokosi la malata anaterereka, bokosi linagwera m'madzi, chivindikiro n'kutseguka. Tinalivuula, koma madzi amatope anali atalowa kale. Mmenemo munali ntchito yonse ya Che Saidi ya masabata asanu ndi limodzi. Sanakalipe. Anangolitenga bokosilo n'kulisenza okha, pa msinkhu wawowo.

Tisanafike, Dona anayamba kunjenjemera ndi malungo. Anayesa kuyenda, kenako anakhala pansi m'matope. Tinadula mtengo, kumangirira chinsalu cha tenti, n'kupanga machila. Katundu wa anthu awiri amene anamunyamula anagawidwa kwa otsalafe. Panalibe wondinena, chifukwa onse ankadziwa kuti tikuvutikira mbalame imene Lusiyano waona, ndipo ikaoneka tikapuma. Mmodzi anandiuza kuti, "Achimwene, mwatithandiza." Mawu amenewo anandilemera kuposa katundu.

Titafika, bwana anagoneka mkazi wake pamthunzi, kumupatsa kwinini, n'kunditenga kuti ndikamuonetse malo. Ndinaloza chitsamba chimene chinali pafupi. Tinakwawiramo n'kukhala pansi. Udzudzu unatipeza, linthumbu linatikwera, koma iye sanagwedezeke, magalasi ali m'manja, maso ali pa nthambi imene ine ndinangoisankha. Tinakhala choncho mpaka mthunzi unatalika. Potuluka ndinaona Che Saidi atayala mbalame zija pa mwala, akuzitembenuza imodziimodzi ndi kamtengo. Zambiri nthenga zinali zikusosoka zokha, timapepala titafufutika. Kuseri kwawo Dona ankabuula.

Pamenepo ndinalephera kupirira. Ndinavula chipewa n'kunena pamaso pa onse kuti, "Bwana, ndinanama. Mbalame ija sindinaione."

Ndinkayembekeza kumenyedwa khofi, kapena kuthamangitsidwa pomwepo. Sanachite zimenezo. Anandifunsa chifukwa chake, ndinamuuza za munda. Anatulutsa kabuku kakuda kaja, n'kudula mzere pa zimene analemba dzulo. Kenako anabwerera kutsamba loyamba. "Zina zimene ndinalemba m'dzina lako, zoona ndi ziti?" Ndinalumbira kuti zonse. Anayenda tsamba ndi tsamba, paliponse pamene panali dzina langa lokha akuikapo chizindikiro cha funso. Ndinaima pamenepo ndikuonerera mbalame zonse zimene ndinaziona zenizeni, zimene ndinazikwawira, zikusanduka zokayikitsa. Amtengatenga sanandilankhulenso tsiku limenelo.

M'mawa mwake anandituma kukadula mtengo wina wa machila, poti woyamba unali utathetheka. Ndili m'kati mwa zitsamba, kutali ndi malo amene ndinaloza, ndinamva kulira ngati kwa chule, kwakufupi, koma kukuchokera m'mwamba. Ndinakweza maso. Inali pa nthambi yopingasa, mapazi asanu kuchokera pamene ndinaima. Inkadumpha pang'ono, kukupiza mapiko, kulira, n'kuteranso pomwepo, kumimba kofiirako kuli poyera. Buku lija silinanene ngakhale theka. Ndinaiyang'ana mpaka misozi inalengeza, kenako ndinabwerera chammbuyo n'kuthamangira kumsasa.

Ndinauza bwana, n'kulira monga inalirira. Che Saidi anasiya zimene ankachita n'kunena kuti, "Imeneyo ndi yomweyo." Bwana anandiyang'ana, kuyang'ana mkazi wake, n'kutenga magalasi. Tinapita. Nthambi inali yokha. Tinadikira mpaka dzuwa linakwera, ndikuilira mobwerezabwereza, koma sinayankhe. Pomaliza anadzuka n'kudzisasa. "Mwina waionadi," anatero. "Koma sindilemba." Dona sakanatha kudikira tsiku lina, choncho tinamunyamula ulendo wa kumsewu, ndipo ulendo wathu unathera pamenepo. Bwana uja sindinamuonenso. Ndikudziwa kuti anabwerera ku Zomba osaiona mbalame imene anaiyendera miyezi iwiri.

Kwa Nsamala ndinapeza chimanga cha anzanga chili m'mawondo. Ndinabzala mochedwa, ndinakolola zochepa, ndipo apongozi anandikumbutsa zimenezo chaka chonse, ngakhale sanandithamangitse. Mvula ya chaka chotsatira isanagwe, Che Saidi anatumiza uthenga kuti kwabwera azungu ena ofuna mbalame, ndipo iwo anditchula ine. Nditawafunsa chifukwa chake, pambuyo pa zimene ndinawachitira, anati munthu amene anasenzapo bodza lake kudutsa dambo sabwerezanso.

Ndinagwira ntchitoyi zaka zambiri, ndi azungu osiyanasiyana, ena okoma mtima, ena ankhanza. Ambiri ankafika ndi mbalame yawo kale m'mutu, ndipo ankandiyang'ana ndi maso opempha kuti ndingovomera. Mbalame ikadutsa ngati mphezi, ankafunsa kuti, "Ndi imeneyo eti?" Kuvomera kunali kosavuta, ndipo tonse tikanakapuma msanga. Ine ndinkayankha kuti sindinaione bwino, ndipo tinkapitiriza kuyenda padzuwa. Ena ankakwiya nazo. Koma tsiku limene ndinkati ndaiona, ankatulutsa pensulo osafunsanso.